Firiji yakale, nyama ya ng'ombe, ndi mmene kuzizira kwa ku Dedza kunandipusitsira

Chiikireni chithunzi chija pa Facebook cha nyama yolendewera mufiriji muli babu yoyaka, anthu sakundipumitsa. Ena akungoseka ati ndayamba kutsira mazira a ng'ombe, ena ndiye akufunsa zenizeni kuti kodi zimenezi zimatheka bwanji m'nyumba ya lendi yopanda ndi malo omwe. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi, wofunsanso ndizingomulozera pano.

Chiyambi chake ndi ku Joni. Ndinakhalako zaka zingapo, ndipo amene munapitako mukudziwa kuti kumeneko biltong, nyama youmitsa yodya yosaphika, ili ngati mtedza wokazinga kwathu kuno, pa filling station ilipo, mushopu ilipo, munthu akuonera mpira ili m'manja. Tsiku loyamba kuilawa ine sindinadabwe kwenikweni, chinandibwerera m'mutu ndi khitchini ya agogo anga kufupi ndi Bembeke. Kukaphedwa mbuzi kapena ng'ombe yathyoka mwendo, iwo ankalenga nyama ija mizere italiitali, kuwaza mchere, kuyanika pansanja pamwamba pa moto, utsi nkumachita zake. Nyama yofutsa imeneyo inkatha miyezi, ndipo ikalowa mumphika wa nsinjiro, abale inu. Kusiyana kwake nkoti ya agogo timaiphika kaye, pomwe biltong ndi zinzake zimadyedwa choncho osaona moto. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa chilichonse chovuta pankhaniyi chikuchokera pamenepo, palibe mphika wodzapha tizilombo kumapeto.

Nyumba yomwe tikukhala pa Boma pano ndi ya zipinda ziwiri, balaza, ndi kasitolo kakang'ono kumapeto kwa khonde lakuseri, koti ukatambasula manja umagunda makoma onse awiri. Mmenemo munali matumba a makala, khasu, njinga ya mwana yopanda tcheni, ndi thumba la kachewere. Nditawauza mayi akunyumba kuti ndikufuna kasitoloko, anangondiyang'ana amvekere "bambo a ana, makala ndiye agona nanu kuchipinda?" Tinagwirizana kuti theka langa theka lawo, koma makala anatuluka ndithu chifukwa fumbi lake silingayandikane ndi nyama.

Ndinayamba ndi bokosi la biltong, ndipo aliyense wofuna kuyesa ndimamuuza kuti ayambe pomwepo, zafiriji zibwere pambuyo. Kalipentala wina anandikhomera bokosi la plywood lofika m'chiuno, mabowo munsimu otchinga ndi waya wa sefa uja timatchingira udzudzu m'mawindo, pamwamba kafani kochotsa mukompyuta yakufa koyendera tchaja yakale, mkatimo timitengo topingasa tokolekapo ngowe za waya. Basi. Nyama umadula motsatira mitsempha yake, kunenepa ngati chala chachikulu, kuinyika mu viniga, mchere, koriyanda wokazinga nkusinja pang'ono, tsabola wakuda, igone mufiriji usiku umodzi, mmawa kukoleka osagundana. Ndinayamba mu October 2023, mpweya uli gwaa kuuma, masiku anayi okha yatheka, kulemera kwatsika pafupifupi theka. Ndinadzimva katswiri. Kenako January anabwera ndi mvula yake ya tsiku ndi tsiku, bokosi lomwelo nyama yomweyo, tsiku lachitatu ndikupeza chuku chayamba kumera m'mphepete mwa mafuta. Apa mpomwe ndinayamba kumva kuti nkhani yonse ndi chinyezi cha mumpweya, koma phunziro silinalowe bwinobwino, linadikira June.

Mtima wa munthu sukhuta, ndinayamba kusirira zina. Pa YouTube ndinaona bresaola, nyama ya ng'ombe ya ku Italy, kudera la mapiri lotchedwa Valtellina, mnofu wathunthu wosadula mizere, umauma pang'onopang'ono kwa sabata zisanu, zisanu ndi imodzi kapena kuposa, ukaudula mopyapyala mkati muli pyuu kufiira, kofewa. Imeneyo bokosi la fani silingathe, ingaume kunja mkati nkuola. Imafuna malo ozizira madigiri pakati pa 10 ndi 15, chinyezi cha mumpweya 70 mpaka 80 peresenti, kamphepo kochepa kwambiri, komanso mdima. Azungu akale ankangogwiritsa ntchito zipinda zapansi pa nyumba m'mapiri mwawomo. Ine ndinati aaa, nafenso tili m'phiri, Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lenilenilo kupitirira 2,000, anthu a ku Salima akabwera kuno mu June amagona ndi jekete. Chingandivute nchiyani.

Firiji ndinaigula kwa amisiri ena okonza mafiriji, yakale yoti mwini wake anaisiya osadzaiwombola, dzimbiri munsi koma injini ili bho. Ndinasankha ya mtundu uja wosaundana madzi m'makoma, ili ndi kafani kake mkati ndipo madzi amatsikira pakapaipi kumbuyo nkugwera mukambale kali pamwamba pa kompuresa. Zimenezi nzofunika chifukwa ndi njira yomwe madzi ochoka munyama amatulukira kunja. Ndinachotsa mashelefu onse, kutsuka ndi sopo kenako jiki wosungunula, kuisiya chitsegulire masiku awiri padzuwa, nkupingasa kachitsulo kosachita dzimbiri kumwambaku. Ndinatenga drill kuti ndiboole m'mbali podutsa mawaya, amisiri aja anachita kundigwira mkono. "Achimwene, m'makoma umu mumadutsa mapaipi a gasi, mukangoboola amodzi firiji yatha, mundipatsanso ndalama." Mawaya anga onse amangodutsa pa labala wa chitseko mpaka lero, amatsekeka bwinobwino.

Firiji payokha imazizira mpaka madigiri 3 kapena 4, kumeneko nkuzizira kopyola. Ndiye pamafunika kachipangizo kolamulira kutentha, kanga ndi Inkbird ITC-308, umakalowetsa kukhoma, firiji umailowetsa mwa iko, kachingwe kake koyezera umakaika mkati. Ukakauza kuti 13, kutentha kukakwera kamayatsa firiji, kukatsika kamaithimitsa. Kali ndi poikira mphindi zodikira kompuresa isanayambenso, ine ndinaika 5, ndipo kwathu kuno komwe magetsi amatha kubwera nkuthimanso nkubweranso mphindi imodzi yomweyo musadumphe pamenepo. Kanabwera ndi transporter wochokera ku Joni, mlamu wanga ndi amene anandigulira, mwatsoka nkuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu November 2023 uja, ndiye mtengo wake mayi akunyumba sindinawauze wonse. Kamnzake kolamulira chinyezi ndinakalephera, ndinangogula kawotchi kakang'ono koonetsa chinyezi ndi kutentha.

Tsopano mchere. Apa ndiye sindimaseka. Agogo ankawaza ndi dzanja ndipo zinkatheka chifukwa kunali utsi ndi mphika, koma pa iyi zonse zimayenda ndi sikelo. Umayeza nyama, mchere ukhale pakati pa 2.5 ndi 3 peresenti ya kulemera kwake, ine ndimaika 2.75. Pamwamba pake pamabwera mchere wina wapinki wotchedwa Cure #2, ena amati Prague powder 2, uli ndi sodium nitrite 6.25 peresenti ndi sodium nitrate pang'ono, ntchito yake kuletsa kachilombo koyambitsa matenda oopsa otchedwa botulism, komwe kamakonda malo opanda mpweya ndipo poizoni wake samveka fungo, komanso ndi umene umasunga kufiira kuja. Muyezo wake ndi 0.25 peresenti basi, kutanthauza magalamu 2.5 pa kilo imodzi ya nyama. Ukapyoza ndi poizoni nawonso, nchifukwa chake amaupaka mtundu wapinki kuti munthu asauthire mundiwo. Wanga umakhala m'botolo lolemba ndi maka, pamwamba pa wadilopu pomwe ana safika. Ndipo chonde, si mchere wapinki wa Himalaya uja amagulitsa m'mashopu akuluakulu ku Lilongwe, umenewo ndi mchere wamba wodula chabe. Wina anandiuzanso kuti feteleza wina ali ndi nitrate bwanji osatapako, ndinangomuyang'ana.

Magalamu awiri atatu sikelo ya kukhitchini siiona, ndiye ndinasaka kasikelo kam'thumba koyeza mpaka 0.1. Ndinakapeza kwa mnyamata wina wa ku Ntcheu wochita za miyala, mukudziwa kumeneko kuli Chimwadzulu kotuluka ma ruby, ndiye timasikelo totere sitisowa. Anandifunsa kangapo kuti akulu mwapeza mwala kuti, nditamuuza kuti ndikufuna kuyezera mchere anaona ngati ndikumubisira.

Nyama yake siyogula 3 koloko masana italendewera tsiku lonse ntchentche zikuchitapo msonkhano. Ndimapangana ndi abutchala dzulo lake, ndimalawira mmamawa, ndione chidindo cha alangizi a ziweto, andidulire mnofu wa kuntchafu uja wozungulira ngati mkono wopanda mafuta ambiri, wathunthu, asaubaye ndi mpeni ndipo asayandikize chikwanje. Abutchala athu dzanja lawo linazolowera kuduladula, ukangocheuka wapeza zidutswa za kanyenya, ndiye ndimaima pompo. Nkhumba sindinayambe ndipo sindikufulumira. Nkhumba zoyenda zokha m'midzi zimakhala ndi timatuza toyera ngati mpunga mumnofu, ana a njoka za m'mimba, ndipo ine kudya yosaphika ndikungodalira mchere ayi.

Chidutswa choyamba chinalemera magalamu 1,100. Ndinachipaka mchere uja, tsabola wakuda, adyo wouma ndi rosemary wa pakhomo pa aneba, kuchimanga mupulasitiki kuchotsa mpweya, sabata ziwiri mufiriji ya kukhitchini ndikuchitembenuza tsiku lililonse, mayi akunyumba akungodandaula malo a mkaka wa ana. Kenako kutsuka, kupukuta, kukulunga mukansalu kopyapyala koyera, kumanga ndi ulusi wa thonje, kukoleka. Munali mu June 2024, sabata yachiwiri.

Masiku oyamba ndinkanyadira kuti firiji siikulira nkomwe. Kasitolo kaja usiku kamazizira pafupifupi madigiri 10, masana mwina 16, ndiye kachipangizo kaja kamangoona kuti zonse zili bwino, osayatsa kanthu. Ndinafika powauza mayi kuti mwaona, mayunitsi sakutha, Dedza akutigwirira ntchito ulere. Kawotchi kachinyezi kankaonetsa 88, kenako 91, ine nkumati kachipangizo kotchipa kamanama. Kunja nkuti kuli chiperoni, kamvula ka mawawa tsiku lonse, phiri osaoneka, zovala pachingwe masiku atatu osauma.

Tsiku la 9 ndinatsegula chitseko mmawa ndisanapite kuntchito. Fungo linandilandira silinali la kuola kwenikweni, linali ngati la bulangete lomwe laiwalika m'beseni. Makoma a firiji ali ndi madontho, denga likudontha, kansalu kaja kanyowa kamatirira. Nditakamasula, mbali yoyang'ana kukhoma inali ndi chuku chaubweya, china chobiriwira china chakuda, ndipo nditadina ndi chala nyama inali yoterera ngati therere. Ndinaiika pasikelo, masiku 9 yataya magalamu 40 okha. Ndinaima pakhonde paja ndi kilo yathunthu ya mnofu wabwino m'manja, sabata zitatu zapita, ndikuwerengera kuti ikanakhala ndiwo za masiku angati. Ndinakaikwirira kuseri kuopa agalu. Mayi sananene kanthu tsiku limenelo, zomwe zinandiwawa kuposa akanayankhula.

Amene anandimasulira ndi amisiri aja. Nditawafotokozera anaseka mpaka kukhala pansi pa kompuresa yakufa. Amvekere firiji imachotsa madzi mumpweya pokhapokha ikamalira, chifukwa chinyezi chimakagwera pa mapaipi ozizira aja nkutsikira kunja, ndiye yanuyo ngati siikulira ndi bokosi lotseka chabe, nyama ikutulutsa madzi, madziwo apite kuti. Ku Nsanje kapena ku Mangochi vuto limeneli sangalione, firiji imalira tsiku lonse mpaka mpweya kuuma mopyola, iwo amachita kufuna kamakina kopopera nthunzi. Ife kuno ndi zotembenuka. Kuzizira komwe ndinkadalira kuja ndi komwe kunandiolera nyama.

Mankhwala ake ndi oseketsa, kuika moto mufiriji. Babu ya mawatsi 25, yakale ija ya kawaya mkati yotentha ukaigwira, osati ma LED awa, ndipo kuipeza masiku ano ndi ntchito, ndinachita kufunsa mashopu anayi. Ndinaiika pansi pakona nkuivundikira ndi chitini cha mkaka wa ufa chobooledwabooledwa, chifukwa kuwala kumawononga mafuta a nyama komanso dontho lisagwere pababu. Babu ikatenthetsa mkati kufika 14, firiji imadzuka, kuziziritsa, kukoka madzi, kuthima, choncho choncho usiku wonse. Tsiku limodzi lokha chinyezi chinatsika kuchoka m'ma 90 kufika 78. Mtengo wake ulipo, babu yokhayo ikayaka osathima imadya mayunitsi 18 pamwezi, kuphatikiza firiji yomwe tsopano ikulira, ndiye mawu aja ndinanena a ulere ndinawameza.

Kawotchi kaja ndinakapepesa, sikankanama. Pali njira yokayesera yosalira ndalama: mchere wamba mukachivindikiro ka botolo, kudonthezera madzi kuti unyowe ngati mchenga wa kudambo koma osasungunuka, kuika pamodzi ndi kawotchiko mukontena yotseka bwino usiku wonse. Mpweya wa mmenemo umakhazikika pa 75 peresenti. Kanga kanaonetsa 73, ndiye ndimangowonjezera 2 m'mutu. Nzeru yomweyo imathandizanso mkati mwa firiji, mbale yotambalala ya mchere wonyowa pansi imakokera chinyezi chakufupi ndi 75, ndipo mu September ndi October kukauma ndi imene imandisungira, makina a nthunzi sindinagule.

Za kuthima kwa magetsi ambiri mwafunsa. Zoona zake nzoti miyezi yozizira sindidandaula, akathima maola asanu kapena asanu ndi atatu kutentha mkati sikusuntha kwenikweni, apa ndiye Dedza amathandizadi. Chimakwera ndi chinyezi, ndiye ndimatsegula chitseko kamphindi kuti mpweya usinthe, pokhapokha ngati kunja kuli chiperoni. Choopsa ndi sabata ziwiri zija nyama ili mumchere mufiriji ya kukhitchini, imeneyo imafunika kukhala pansi pa madigiri 5, ndiye ndimasunga mabotolo a madzi oundana kuti magetsi akapita ndiwaunjike mozungulira. Kuyambira November mpaka mvula ithe sindikoleka chidutswa chachikulu, ndinaganiza choncho basi, kutentha ndi kuthimathima pamodzi ndi juga yomwe thumba langa silingakwanitse. Nyengo yanga ndi May mpaka August, mwina kulowa September.

Kulakwitsa kwina kwakung'ono, nditapsa ndi chuku ndinalowetsa kafani ka mubokosi la biltong kuti kaziwomba pa nyama. Masiku anayi kunja kunayamba kulimba ngati chikopa cha ng'oma pomwe mkati mukadali madzi, ndipo zikatero madzi amkati amasowa potulukira. Ndinakachotsa msanga. Kafani ka firiji yomweyo nkokwana, ndi kutsegula chitseko kamodzi patsiku.

Chidutswa chachiwiri ndinalemba zonse pa katoni yomwe ndinamata pachitseko. Kulemera 1,240, mchere magalamu 34, wapinki 3.1, cholinga itaye 35 peresenti ndiye ifike 806. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi kuyeza. Sabata yoyamba inatsika msanga, 1,130, kenako inayamba kuchita ulesi, mwana wanga wamkulu ndi amene ankalemba manambala ndipo masamu a peresenti anawadziwira pamenepo kuposa kusukulu. Sabata yachitatu panatuluka chuku china choyera, chosalala ngati ufa woyera wawazika, chopanda ubweya, fungo lake ngati bowa. Mtima unagunda koma chimenechi ndi chabwino, ndi chija mumachiona pa salami, soseji youma ija, chimatchinga zoipa zija. Kadontho kamodzi kobiriwira kanaoneka pafupi ndi mfundo ya ulusi, ndinakapukuta ndi kansalu konyika mu viniga, sikanabwerenso. Chakuda kapena choterera chikanabwera ndikanatayanso, pamenepo sindinyengerera.

Inafika 810 patatha sabata zisanu ndi imodzi ndi masiku awiri, ndinati zakwana. Ndinaimanga mupulasitiki nkuibweza mufiriji ya kukhitchini sabata ina kuti chinyezi chamkati chifalikire kunja komwe kunalimbako. Loweruka lake bambo anga anabwera kuchokera kumudzi ndi thumba la kachewere pa kabaza, ndiye ndinati mlendo woyamba ndi ameneyu, Mngoni woti nyama amaidziwa kuposa ife tonse. Ndinanola mpeni pamwala, kudula mopyapyala moti ukakweza kachidutswa umaona kuwala kwa pawindo, mkati mofiira ngati vinyo, m'mphepete modera pang'ono. Ndinaika m'mbale timagawo khumi, kudonthezera mandimu.

Anatenga kamodzi, kukayang'ana mbali zonse, kukanunkhiza. "Iyi yaphikidwa?" Ndinati ayi bambo, yakhwima ndi mchere ndi mphepo, miyezi iwiri. Anatafuna nthawi yaitali osayankhula, anatenganso kachiwiri, kachitatu. Kenako amvekere "ikukoma, koma mwanawe miyezi iwiri kudikira kanyama kopyapyala ngati tsamba la fodya, amako akanafutsa mbuzi zitatu." Anawaitana mayi akunyumba kuwafunsa ngati nsima yapsa, ndipo yotsala m'mbale ija anaikulunga mupepala nkuika m'thumba la jekete kuti akawaonetse anzawo kumudzi.